Mbawala ya Chinkhoswe Changa

Abambo anga anali ndi mfuti ya chifefe, ya mpope umodzi, imene inkakhala kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo itakulungidwa m'thumba la feteleza. M'mudzi mwathu, kunsi kwa mapiri a ku Mphunzi, panalibenso wina amene anali ndi mfuti ya chilolezo. Anaipeza ine ndisanabadwe, nthawi imene nguluwe ndi anyani zinkatha chimanga m'minda ya m'mphepete mwa nkhalango, ndipo chaka ndi chaka ankavala jekete n'kupita ku boma kukaonjezera chilolezocho. Chinali chilolezo chotetezera minda basi. Koma aliyense ankadziwa kuti nthawi zina gwape ankasochera n'kudzapezeka mumphika wa amayi, ndipo anthu sankafunsa zambiri popeza nawonso ankalandirako kanthuli.

Ndili wamng'ono ndinkakonda kuwaonerera akamapukuta mfutiyo. Ankayala mphasa pakhonde, n'kutulutsa zipolopolo m'chitini chakale cha mkaka, n'kuzindandalika ngati ana a sukulu pamzere. Ankati nyama iliyonse ili ndi chipolopolo chake. Chipolopolo cha chifefe si chitsulo chimodzi, m'kati mwake mumakhala timipira ta mtovu timene amati machaka. Machaka a nkhanga ndi nkhwali ndi aang'ono ngati mapira. A gwape ndi ngati nandolo. A nguluwe ndi mbawala ndi akuluakulu ngati nzama, ndipo m'chipolopolo chimodzi amakhalamo owerengeka. Ankachigwedeza pafupi ndi khutu langa kuti ndimve kusiyana kwake, ine n'kumavomera ngakhale sindinkamva kanthu.

Chimene ankadana nacho kwambiri chinali munthu woombera nyama yaikulu ndi machaka aang'ono. Ankati woteroyo si mlenje koma mfiti, chifukwa nyamayo siifa, imangopita kukaolera m'tchire ili moyo. Mawu amenewa anawanena kambirimbiri, pamaliro, pamowa, ngakhale pochokera kutchalitchi, moti anthu a m'mudzi ankatha kuwamalizira iwo asanafike pakati.

Mnyamata amene anadzandikwatira ndinakumana naye ku Kasina, kumene makwaya a matchalitchi osiyanasiyana anasonkhana kudzaimba. Ankagwira ntchito ya zankhalango pa Phiri la Dedza. Nthawi ya dzinja ankasamala mbande za paini ku nazale, ndipo chilimwe ankayendera nkhalango ndi anzake, kuzimitsa moto ndi kuchotsa misampha ya anthu opha nyama. Kwawo kunali cha ku Bembeke, kwa Angoni. Bambo ake anamwalira iye ali kusukulu, ndiye analeredwa ndi mayi ake, mayi wamtali wosalankhulalankhula amene ankalima mbatata ya kachewere n'kumagulitsa pamsewu.

Atabwera a kwawo kudzafunsira, abambo anaseka n'kunena kuti ndawabweretsera mkamwini wodzawamanga. Tonse tinaseka nawo. Ntchito ya mnyamatayo sinkawadetsa nkhawa kwenikweni. Chimene chinawalowa m'mutu chinali chakuti alendowo ndi Angoni, ndipo Angoni, malinga ndi iwo, akadya nkhuku amati sanadye nyama.

Chinkhoswe anachiika Loweruka lina la m'nyengo yozizira, titatha kukolola. Kwathu nkhani ya ukwati wa mwana imayendetsedwa ndi a kuchikazi. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali ankhoswe anga, ndipo analonjeza mbuzi. Amayi anali ndi nkhuku zawo. Chimera cha thobwa chinachokera kwa azakhali ena a kwa amayi komweko. Abambo anakhala m'mudzi umenewo zaka zambiri, anamanga nyumba ya malata, anabereka ana, imvi zinawamerera momwemo, komabe pa tsiku ngati limeneli anali mkamwini wongopatsidwa mpando. Panopa ndimaona kuti ankafuna pakhale chinthu chimodzi chimene anthu akanati ichi chachokera kwa bambo a mwana. Nthawi imeneyo sindinkaona zimenezo. Ndinkangoganiza za diresi ndi tsitsi.

Pa msonkhano wina wa pabanja wokonzekera mwambowo, abambo anadzuka n'kulengeza kuti alendo adzadya mbawala. Anati anaona mapazi a yamphongo, yaikulu, kumtunda kwa kamtsinje kamene kamathirira madimba athu, malire ndi nkhalango ya boma. Amayi anawakumbutsa ntchito ya mkamwini amene tikumuyembekeza. Iwo anayankha kuti nyama ikalowa mumphika ilibe nyanga. Amalume anayesa kuwauza kuti mbuzi ndi yonenepa, ikwanira, koma zimenezo zinangoonjezera moto, chifukwa mbuziyo inali ya amalumewo.

Vuto linaoneka atatsegula chitini chija. Zipolopolo za machaka akuluakulu zinatsala zochepa, zakalekale, zokutidwa ndi pepala lolimba lofiira. Dzinja lapitalo denga linkadontha mbali yomwe ankazisunga, ndiye zinafufuma, ndipo kumatako kwake kunachita ndere yobiriwira. Zatsopano zinalipo, za pulasitiki, zowala bwino, koma zinali za nkhanga, zimene anagula kuti azioopsezera apusi. Kuti apeze zazikulu zatsopano anafunika kupita ku Lilongwe ndi mapepala awo, ndipo nthawi inali itatha kale.

Masiku amenewo ndinkawaona atakhala pamphasa, zakale kumanzere, zatsopano kumanja, akuzitembenuza. Zakalezo zikanapha mbawala pomwepo, koma panalibe amene akanalumbira kuti zilira. Zatsopanozo kulira zikanalira ndithu, koma si za mbawala. Anaziyanika zakalezo padzuwa m'lichero la amayi mpaka amayi anawalanda licherolo. Kenako anayamba kuuza amalume kuti munthu akayandikira kwambiri, machaka aang'ono amatuluka ali pamodzi ngati mwala umodzi, ndipo akalasa pakhosi nyama imagwa. Amalume sadziwa za mfuti, anangoti mwina. Koma ine ndinakula ndikumva zina pamphasa yomweyo.

M'mawa wina ndinawapeza akuika zipolopolo m'matumba a jekete yakutchire, zakale thumba lina, zatsopano thumba lina. Chatsopano chimodzi anachilowetsa mumfuti.

"Abambo, si cha nkhanga chimenecho?"

"Iwe ukwatiwe kaye. Za mfuti uzisiye."

Sanandiyang'ane ponena zimenezo. Anapita m'mawa umenewo n'kubwerako chimanjamanja, buluku litanyowa ndi mame mpaka m'chiuno. Anapitanso, n'kubwerakonso chimodzimodzi. Anthu pamjigo anayamba kufunsa amayi ngati mbawala ija yalandira kale uthenga woti ikuitanidwa ku chinkhoswe. Amayi ankaseka nawo, koma akafika kunyumba sankalankhula.

Linafika Lachisanu, mawa lake chinkhoswe. Pakhomo panali podzaza azimayi, ena akuphika thobwa m'migolo, ena akusesa ndi kuzira. Abambo anali atachoka kusanache. Ine ndi amayi tinatsikira kudimba kukadula kabichi ndi kuzula anyezi. Kunali chifunga chija cha kwathu chimene munthu umamva mawu a mnzako osamuona, ndipo zala zinkachita kuuma pogwira mpeni. M'madimba oyandikana nawo munali anthu ena akuthirira.

Tinamva mfuti kumtunda, kamodzi. Amayi anaweramuka, anamvetsera, kenako anaweramanso n'kupitiriza kudula. Ine mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinaganiza kuti bola zatha, nyamayo aisendera komweko, aibweretsa m'thumba, palibe adzaone nyanga.

Chifunga chitayamba kuyera, agalu anayamba kuuwa m'mphepete mwa kamtsinje. Bango linkagwedezeka, kenako mbawala inatulukira, ikuyenda pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa. Inali yamphongo, yakuda bii kumsana, ya timawanga toyera m'ntchafu. Ndinali ndisanaonepo yamoyo pafupi chomwecho. Nkhope yake yonse inali magazi. Diso limodzi linali litatsekeka, linalo linali litaphulika, ndipo makutu anali obookabooka ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi. Sinkaona kanthu. Inagunda mpanda wa dimba la anansi athu, inabwerera, inagundanso, mpaka mpandawo unagwa. Inalowa m'tomato, mwendo umodzi unaterereka m'chitsime, inadzikoka n'kutuluka. Kenako inangoyamba kuzungulira pamalo amodzi, ikupuma mokhala ngati munthu wa chifuwa chachikulu.

Azimayi a m'madimba anakuwa, ndipo sipanatenge nthawi, anthu anatsika kuchokera kumudzi, amuna ndi makasu, ana, ngakhale azimayi aja ophika thobwa ndi mithiko yawo. Anapanga bwalo. Panalibe woyandikira, chifukwa mbawala yamphongo yovulala imatumbula munthu ndi nyanga. Agalu akaiyandikira inkaweramitsa mutu n'kubaya mphepo. Anyamata ena anatulutsa mafoni n'kumajambula. Panalibe amene anafunsa kuti waiombera ndani. Anthu ankangotiyang'ana ine ndi amayi, kenako n'kuyang'ana kumbali.

Njira yochokera kumsewu kupita kumudzi kwathu imadutsa m'madimba momwemo. Tinkadziwa kuti bwenzi langa abwera tsiku limenelo ndi mayi ake kudzasiya katundu wina wa mwambo, koma tinkawayembekeza masana. Anapeza galimoto yam'mawa. Ndinawaona akutsika chitunda, mayi ake patsogolo atasenza dengu, iye pambuyo atanyamula khasu ndi nkhwangwa zomangidwa pamodzi ndi luzi. Zida zimenezo zinali zoti ife a kuchikazi tidzamupatse mawa lake pamaso pa anthu, koma amalume anamutuma kuti akasankhe yekha kumsika wa ku Dedza, kumene kumapezeka zolimba. Anafika pa bwalo la anthu lija, anthu anawapatukira, ndipo anaima n'kumaonerera limodzi ndi ena onse.

Ine ndinali nditaima ndi kabichi m'manja, chitenje chili matope okhaokha. Apongozi angawo kanali kachiwiri kundiona. Sindinapite kukawalonjera.

Abambo anafika pambuyo pake, akutsata magazi. Chipewa chinali chitatayika, buluku litang'ambika pabondo, akupuma ndi pakamwa. Anaona nyamayo, anaona khamu la anthu, kenako anaona alendo. Nkhope yawo sindidzaiiwala, koma sindidziwa kuifotokoza. Anauza anthu kuti achoke kutsogolo. Anathyola mfuti, ndiko kuitsegula kwake, anapisa m'thumba la zakale zija n'kutulutsa chimodzi. Chinakana kulowa. Anachikankha ndi chala, kenako ndi chikhatho, mpaka chinalowa mokakamiza. Anatseka, analoza, anthu anatseka makutu. Mfuti inangoti khe. Anakokanso kachitsulo kakumbuyo, analozanso. Khe. Atati achitulutse kuti aikemo china, chinakanirira m'kati. Anathyola kamtengo n'kuyamba kuchitokosa kuchokera kukamwa kwa mpope, mbawala ikuzungulirabe patsogolo pawo.

Kumbuyo kwa anthu wina ananena, osakweza mawu kwenikweni, kuti woteroyo si mlenje. Wina anamalizira. Anaseka anthu ochepa chabe, ena anawaletsa, koma abambo anamva, ndipo alendo anamva, ngakhale sankadziwa kuti mawuwo mwini wake ndani.

Bwenzi langa anatula katundu wake pansi n'kumasula luzi. Anavula jekete, anatenga nkhwangwa, anazungulira n'kuidzera nyamayo kumbuyo. Anaiponyera jeketeyo kumutu, ndipo pamene inkalimbana nayo, anaimenya ndi kumbuyo kwa nkhwangwa kuseri kwa nyanga. Inagwada. Anaimenyanso, inagona chammbali, miyendo inapalasa pang'ono m'tomato muja, basi. Iye anatsikira kumtsinje n'kuyamba kutsuka nkhwangwayo ndi mchenga, ndipo anaitsuka nthawi yaitali kuposa mmene inkafunikira.

Atabwerako ananjuta chapatali ndi abambo, monga amachitira mkamwini, anaomba m'manja n'kuwafunsa mmene adzukira. Abambo anayankha kuti adzuka bwino, kaya iye. Mfuti inali idakali yothyoka m'manja mwawo, kamtengo kali m'kati.

Mkamwini salankhula nkhani yolemera ndi apongozi ake maso ndi maso. Anaitanira amalume pambali, pansi pa nthochi, ndipo analankhula kwa kanthawi. Kenako amalume anabwera kwa abambo ndi mawuwo. Anati mnyamatayu akupepesa, koma anthu ambiri ajambula, ndipo iyenso ali m'zithunzizo ndi nkhwangwa m'manja. Akuluakulu a kuntchito kwake akamva kwa ena, ntchito yatha, mwinanso amumanga kuti ndiye wapha. Ndiye akupempha kuti aimbe foni yekha, anene zimene zachitika.

Abambo anasolola kamtengo kaja mumfuti. "Muuzeni aimbe," anatero. "Mfutiyi ndinyamula ndekha."

Amayi anga ndi munthu wolimba mtima. Anapukuta manja pachitenje, anapita kwa mayi a mnyamatayo, anawalandira dengu n'kuwauza kuti tiyeni kunyumba, mwazizidwa. Ine ndinkatsatira pambuyo ndi makabichi. Kunyumba ndinawathira madzi osamba m'manja, ndinawapatsa tiyi ndi mbatata, maso anga ali pansi. Amayi anayamba kufotokoza, mozungulira, kuti bambo a mwanayu anangofuna kulemekeza alendo, anamva kuti kwanuko nyama ndiye ulemu. Apongozi anga anamvetsera mpaka kumapeto, akuuzira tiyi.

"Kodi anavutikiranji?" anatero. "Ine nyama yofiira anandiletsa kuchipatala. Abale angawo mbuzi amadya bwinobwino."

Sananene monyoza. Ankangodabwa, ndipo mwina ankafuna kutichotsa nkhawa. Koma ine ndikanakonda akanatitukwana. Ndinatuluka n'kukakhala m'khitchini mu utsi, kuti aliyense wondiona aziganiza kuti ndi utsiwo.

Galimoto ya a zankhalango inafika dzuwa litapendeka. Anali anthu aulemu, ena a iwo ankawadziwa abambo. Anakweza mbawala kumbuyo, n'kuuza abambo kuti akhale kutsogolo poti ndi munthu wamkulu. Iwo anakana. Anakwera kumbuyo komweko n'kukhala pafupi ndi nyamayo, mfuti ili pamiyendo, atavala jekete ija ya ku boma. Amalume anakwera nawo. Msewu wotuluka m'mudzi umadutsa pakhomo pathu penipeni, ndiye galimotoyo inadutsa pakati pa migolo ya thobwa ndi azimayi amene anabwera kudzakonza chinkhoswe changa. Ana anaithamangira mpaka kumjigo. Ine ndinaonera pa kampata ka chitseko cha khitchini.

Madzulo amenewo, asanabwerere kwawo, bwenzi langa anandipeza kuseri kwa nkhokwe. Ndinamufunsa ngati sakanatha kungokhala chete. Anandifunsa ngati ndikanakonda kuti adzaitanidwe kuofesi Lolemba ali ndi mkazi womuyembekeza koma ntchito alibe. Ndinali nditamukwiyira, komanso ndinkachita naye manyazi, ndipo sindinkadziwa kuti chachikulu n'chiti. Ndinamuuza kuti ngati a kwawo akufuna kusintha maganizo, anene lero lomwe tisanaphe mbuzi. Anaseka motopa n'kunena kuti jekete yake yokhayo yabwino yaonongeka, mawa abwereka ya msuweni wake, ndiye ndisadzadabwe manja akadzakhala aafupi.

Abambo ndi amalume anabwerako kukuda, pa njinga zamoto, opanda mfuti. Abambo analowa kuchipinda osadya.

Chinkhoswe chinachitika. Anthu anabwera ambiri kuposa amene tinawaitana, ndipo ndikudziwa chimene ena anadzera. Pali nthawi ija imene amafunditsa atsikana angapo zitenje kumutu kuti a kuchimuna aloze wawo. Anzanga ankaseka m'kati mwa zitenje zawo. Ine ndinapeza kuti m'kati muja ndi mmene ndinapumako koyamba chichokereni dzulo lake, ndipo pamene ankandivundukula ndinagwira chitenjecho mwamphamvu moti azakhali anachita kundimenya padzanja. Anthu anaganiza kuti ndi manyazi a mkwatibwi, anaimba nthungululu.

Itafika nthawi yopereka zida, amalume ananyamula khasu n'kufotokoza tanthauzo lake. Atanyamula nkhwangwa, m'khamu munadutsa kaphokoso ngati mphepo m'chimanga chouma. Amalume anafupikitsa mawu, mnyamata analandira atagwada, ndipo oimba anafulumira kuyambitsa nyimbo. Abambo anali atakhala pampando wawo kumbuyo kwa amalume, atameta ndevu, nsapato zopolishidwa. Atawaitana kuti bambo a mwana adzavine, anadzuka, anaponda kangapo, n'kubwerera. Palibe anaseka. Anthu anawaombera m'manja mosamala ngati mmene amachitira ndi munthu amene wangotuluka kumene m'chipatala. Chakudya chisanagawidwe ananena kuti akukaona mbuzi kudambo, ndipo sanabwerenso mpaka alendo atapita.

Mlandu unatha ndi chindapusa, ndipo mfuti sinabwerere. Mwini tomato uja anakana kulandira kalikonse, anati zinachitika ndi ngozi, koma mkazi wake anasiya kubwera kwathu kudzapala moto. Ana a m'mudzi anawapatsa abambo dzina loti a Machaka, ndipo linakhazikika moti ena obadwa pambuyo pake amaganiza kuti ndi dzina lawo lenileni. Zithunzi zija zinayenda m'mafoni mpaka kutali. Tsiku lina ku Dedza mtsikana wina amene tinkaphunzira limodzi anandionetsa, akuseka, osadziwa kuti ndi kwathu. Pakona pa chithunzicho panali munthu wamkazi ataima ndi kabichi. Nkhope sinkaoneka bwino. Ndinamubwezera foni n'kunena kuti anthu ena alibe chisoni, ndipo iye anaganiza kuti ndikunena woombera uja.

Abambo anasiya kupita kumowa. Kutchalitchi anachoka pa benchi lawo la kutsogolo n'kumakhala pafupi ndi khomo. Za tsiku lija sankazitchula, ndipo ife sitinkazitchula. Kamodzi kokha, ukwati wa kutchalitchi utayandikira, tinali awiri pakhonde tikutong'ola chimanga cha mbewu. Anayamba okha, maso ali pa chitsononkho.

"Inaima patali," anatero. "Ndinadziwa ndisanaombe kuti ili patali. Koma linali Lachisanu."

Tinatong'ola mpaka dengu linadzaza, kenako anandituma kuti ndikatenge lina.

Titakwatirana tinakakhala ku Dedza, m'nyumba za ogwira ntchito zankhalango, m'munsi mwa phiri momwe fungo la utuchi wa paini limalowa mpaka m'zovala. Amayi ankabwera kawirikawiri. Abambo ankangotumiza moni. Amuna anga, poti tsopano ndinayamba kuwatchula choncho, ankapita kumudzi kukathandiza kupalira ndi kukonza denga, ndipo ankati apongozi awo amawalandira bwino, amawaphera nkhuku, koma akakhala awiri nkhani imakhala ya mvula ndi feteleza basi.

Abambo anadzabwera mwana wathu woyamba atabadwa. Ndinamva odi panja chakum'mawa, ndipo nditatuluka ndinawapeza ataima patali ndi khonde, thumba la kachewere lili pansi, nkhuku ili kukhwapa. Anakana kulowa m'nyumba eni ake kulibe. Ndinawatulutsira mpando, anautembenuza kuti uyang'ane kukhoma la nyumba osati kumsewu. Ndinawapatsa mwana. Anamuyang'anitsitsa n'kunena kuti mphumi ndi ya agogo ake a ku Bembeke, ndipo adzakhala wamtali.

Masana amuna anga anabwera kudzadya ali ndi mnzawo wa kuntchito, mmodzi mwa aja anabwera ndi galimoto kumudzi. Munthuyo anawazindikira abambo, anavula chipewa, n'kuwalonjera mwansangala kuti kodi alenje muli bwanji. Sindikhulupirira kuti ankafuna kuwapweteka. Abambo anayankha bwinobwino, anafunsa za kunyumba kwake, anadya pang'ono. Tinali titawakonzera pogona poganiza kuti akhala masiku angapo, koma atangosamba m'manja anati ayenera kubwerera, kumudzi kuli maliro a munthu wina amene ine sindinamumvepo.

Ndinabereka mwana kuti ndiwaperekeze kokwerera minibasi. Njira yachidule imadutsa kutsogolo kwa ofesi ya amuna anga, kumene nthawi imeneyo antchito amakhala panja akuothera dzuwa. Titafika pamphambano abambo anaima, n'kufunsa ngati kulibe njira ina. Ndinawauza kuti ilipo yodzera kumacheka, kumene amacheka matabwa, koma ndi yotalika ndiponso ya matope. Anati miyendo yawo ikadali yolimba. Ndinavomera msanga, msanga kwambiri, ndipo ndikuganiza kuti anazindikira kuti nanenso sindinkafuna kudutsa nawo pamenepo.

Tinadzera kumacheka, iwo patsogolo ine pambuyo, tikulumpha zithaphwi ndi milu ya makungwa. Macheka ankalira kwambiri moti sitikanatha kucheza ngakhale tikanafuna. Pamsewu minibasi inali itatsala pang'ono kudzaza. Kondakitala anawalozera mpando wa kumbuyo, iwo anapinda miyendo n'kulowa. Galimoto isananyamuke anatsegula windo n'kundiuza kuti kachewere uja ndimuyanike pansi, ndisamusiye m'thumba, chifukwa anakumbidwa kunthaka yonyowa.